Kusenzetsa mnzako ndowa pamene mtima wako suli m'malo

Amene anavutikapo ndi nkhawa amaidziwa bwino 2 koloko ya usiku. Nyumba yonse ili zii, ana ali m'tulo tofa nato, iwe maso ali gwa kuyang'ana kudenga. Ngongole ya kubanki m'khonde ija, mawu amene abwana analankhula Lachiwiri aja, chifuwa cha mwana chomwe sichikumva mankhwala chija, zonse zimakufikira pamodzi, ndipo ukamaliza kuziganiza umayambiranso poyambirira. Kukacha umadzuka thupi litafooka ngati wachezera kulima.

Kwathu kuno sitikonda kunena kuti munthu akudwala nkhawa. Timati ali ndi maganizo, akuganiza kwambiri, kapena BP yamukwera. Anzathu olankhula Chishona ku Zimbabwe amati kufungisisa, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi nkhawa yofika poti ndi matenda, ndipo mwa anthu anayi aliwonse otere, ndi mmodzi yekha amene amalandira chithandizo. Atatu enawo amangolimba nazo.

Pali mfundo ina yomwe akatswiri a zamaganizo akhala akuiyesa kwa zaka zoposa khumi tsopano, yakuti munthu wankhawa akamachitira anzake zabwino zing'onozing'ono, nkhawa yake imatsikako. Nditaimva koyamba ndinapukusa mutu. Ndani amathandizana kuposa ife? Timasonkha pamaliro, timalera ana amasiye a abale athu, timagona pasimenti m'zipatala podwazika matenda, koma maganizo ali mbwee m'makomomu. Kukayikira kumeneku sikunandichoke konse, ndipo ndibwererakonso kutsogoloku. Koma m'mfundoyi muli choona, ndipo kuti tichione tiyenera kuyamba tamvetsa chimene nkhawa imachita mwa munthu.

Nkhawa ndi mlonda amene thupi linabadwa naye. Ukaona njoka m'njira, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamaliza belu usanaganize n'komwe. Thupi limatulutsa timadzi tolikonzekeretsa kuthawa totchedwa adrenaline, kenako cortisol, mtima umathamanga, mpweya umafupika, m'kamwa mumauma, miyendo imakonzeka kuthawa. Njoka ikalowa m'tchire zonse zimabwerera m'malo mwake. Vuto limayamba pamene mlondayo akuliza belu usana ndi usiku njoka palibe, kapena njoka yake ndi ya kumapeto kwa mwezi, yomwe sungaithawe ndi miyendo.

Belu likamalira chonchi, maso a munthu amatembenukira mkati. Mu 1995 akatswiri awiri a ku Britain, David Clark ndi Adrian Wells, anafotokoza mmene izi zimachitikira kwa munthu amene amaopa kukhala pagulu. Akafika pamene pali anthu, amasiya kuona anthuwo n'kuyamba kudzionerera yekha. Kodi mawu anga akunjenjemera? Thukutali akuliona? Zimene ndanenazi si zopusa? Poti maso ali pa iye mwini, saona kuti amene akucheza nayeyo akumwetulira, kapena kuti nayenso watanganidwa ndi zake. Amachoka pamalopo atanyamula chithunzi chodzijambulira yekha, chomwe chimakhala choipa kuposa zimene zachitikadi, ndipo ulendo wina sapitakonso. Kupewako kumamupumitsa tsiku limodzi koma kumanenepetsa mantha, chifukwa sapezanso mpata woona kuti chimene amaopa chija sichinachitike.

Ine ndinazidziwa izi ndisanaziwerenge paliponse. Chaka china ntchito inandithera mwadzidzidzi, ndipo ndinayamba kudzitsekera m'nyumba. Ndinkaopa funso limodzi lokha: "Lero simunapite kuntchito?" Kumsika ndinkapita kutada. Kutchalitchi ndinkakhala benchi yakumapeto n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Ndiye madzi anasiya kutuluka pampopi kwa masiku atatu, ndipo panalibe kuchitira mwina koma kutenga chigubu n'kupita kumjigo dzuwa likuswa mtengo. Ndinaima pamzere nkhope ili pansi, mumtima ndikuwerenga anthu ondidziwa. Patsogolo panga panali agogo ena a m'dera lathu lomwelo. Anadzaza ndowa yawo, anapinda kachitenje kakale n'kupanga nkhata, anaiika pamutu, kenako anayang'ana uku ndi uku. Atsikana amene akanawasenzetsa anali pamkangano wa mzere.

"Mwana wanga, tandisenzetsako."

Ndinagwira ndowa mbali imodzi, iwo mbali inayo, n'kuikweza. Madzi anawatayikira pang'ono paphewa, iwo n'kuseka. Nditaona mmene miyendo yawo inkanjenjemerera pokwera kachitunda ka pamjigopo, ndinasiya chigubu changa pamzere n'kuwalandira ndowa ija mpaka pakhomo pawo. Panjira anandiuza za bondo lawo, ndi za mdzukulu wawo wa ku Joni amene anali asanaimbe foni kuchokera pa Khirisimasi. Pobwerera m'pamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyo sindinadziganizireko ngakhale kamodzi. Pachifuwa pomwe panali patandithina kwa masabata panamasukako. Madzulo ake maganizo anabweranso, sindikunamizani ayi, koma ndinali nditaona kuti amatha kuchoka.

Zimene zinandichitikira pamjigo paja n'zimene akatswiri awiri a ku Canada, Jennifer Trew ndi Lynn Alden, anaziyesa mwadongosolo. Pa kafukufuku wawo amene anatuluka mu 2015, anatenga ophunzira a payunivesite 115 amene ankavutika ndi mantha a pagulu n'kuwagawa patatu. Gulu loyamba analiuza kuti kwa masabata anayi lizichitira ena zabwino zing'onozing'ono, monga kutsukira mbale mnzako wokhala naye nyumba imodzi kapena kutchetcha udzu pakhomo pa aneba. Lachiwiri analiuza kuti lizingolimba mtima n'kumapezeka pakati pa anthu, yomwe ndi njira yodziwika kale yochepetsera mantha otere. Lachitatu linkangolemba zochitika za tsiku. Amene anachepetsa kwambiri mtima wofuna kuzemba anthu anali a gulu loyamba lija, makamaka m'masabata oyambirira. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Ukapita kwa munthu chimanjamanja uli ndi mantha, umangodikira kuweruzidwa. Ukapita utanyamula chabwino, umakhala ndi chochita, maso ako amakhala pa chosowa cha mnzakoyo, ndipo nthawi zambiri amakulandiradi bwino. Kulandiridwa kumeneko ndi umboni umene sungaupeze ukadzitsekera m'nyumba.

Kafukufuku wina amene amandigwira mtima ndi wa David Cregg ndi Jennifer Cheavens a ku Ohio State University ku America, yemwe anatuluka kumapeto kwa 2022. Iwo anatenga anthu 122 amene anali ndi zizindikiro zooneka za nkhawa, kukhumudwa ndi kupanikizika. Ena anawapatsa ntchito yokonza zocheza ndi anzawo masiku awiri pasabata. Ena anawaphunzitsa kulemba maganizo awo oipa n'kumawafunsa mafunso ngati alidi oona, njira yomwe alangizi a zamaganizo amagwiritsa ntchito kwambiri. Otsalawo anawauza kuti azichita zabwino zitatu patsiku, masiku awiri pasabata. Ena ankaphikira anzawo tokoma, ena kuwatenga pagalimoto, ena kuwasiyira tizikalata tolimbikitsa. Izi zinachitika kwa masabata asanu, ndipo patapita masabata ena asanu anawayezanso. Magulu onse atatu anapezako bwino. Chosiyana chinali chakuti a gulu lochita zabwino ndi amene anamva kwambiri kuti ali pafupi ndi anthu ena, kuposa ngakhale aja ankapita kocheza. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa tonse tikudziwa kuti munthu akhoza kukhala pakati pa chinamtindi cha anthu paukwati, nyimbo zikulira, iye ali yekhayekha ndi maganizo ake.

Palinso za tsiku ndi tsiku. Gulu la Emily Ansell ku yunivesite ya Yale ku America linatsatira akuluakulu 77 kwa masiku 14, ndipo madzulo aliwonse ankawafunsa kudzera pafoni mavuto amene akumana nawo tsikulo ndi zabwino zimene achitira ena, ngakhale zazing'ono ngati kugwirira munthu chitseko kapena kumufunsa ngati akufuna thandizo. Pamasiku ovuta amene munthu anathandiza ena kuposa mmene amachitira nthawi zonse, mavutowo sanamugwetse mtima kwambiri ngati pamasiku ovuta amene sanathandize aliyense. Mavuto analipo ndithu, koma sanalowerere.

Munthu wankhawa akamva izi amafunsa funso limene ndikulidziwa bwino: nanga akandiona ngati wodzichemerera, kapena akaganiza kuti ndikufuna kanthu? Amit Kumar ndi Nicholas Epley anayesa zimenezi m'paki ina ku Chicago nthawi yozizira. Ankapatsa anthu kapu ya chokoleti chotentha n'kuwauza kuti akhoza kumwa okha kapena kupatsa munthu wosamudziwa. Ambiri anapatsa ena. Atafunsa mbali zonse ziwiri, anapeza kuti opatsawo ankaderera mmene olandirawo asangalalira. Wopatsa amayang'ana kuchepa kwa chinthucho, pamene wolandira amaona kuti pali wina amene wamuganizira. Ndikaganiza za agogo aja ndimavomereza. Kwa ine inali ndowa imodzi ya madzi, koma iwo anakaifotokoza nkhaniyo kwa amayi a nyumba yoyandikana nawo ngati kuti ndawamangira nyumba.

Tsopano tibwerere ku funso lija. Ngati kuthandiza ena kumachepetsa nkhawa, bwanji mayi amene akulera ana asanu ndi atatu, atatu ake ndi asanu a malemu mchemwali wake, sagona tulo? Bwanji mnyamata amene akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Leicester mtima umamugunda akaona nambala ya kumudzi ikuimba kumapeto kwa mwezi? Anthu amenewa amapatsa tsiku ndi tsiku, ndipo kupatsako ndi kumene kukuwadwalitsa.

Yankho lake lili pa kusiyana kwa chimene wasankha ndi chimene wasenzetsedwa. Mu 2010 Netta Weinstein ndi Richard Ryan anaonetsa kuti munthu akathandiza mwa kufuna kwake, amapindula iye komanso wothandizidwayo, koma akathandiza chifukwa chokakamizidwa kapena choopa kunenedwa, phindu lija silioneka, ndipo ngakhale wolandirayo sasangalala chimodzimodzi. Kuthandizana kwathu kwambiri kumayenda ndi kaundula. Pamaliro pamakhala kope lolemba amene apereka chipepeso, ndipo aliyense amadziwa kuti dzina lake likasowa m'kopemo, tsiku lake likadzafika anthu adzakumbukira. Sindikunyoza mwambowu ayi. Ndi umene umaika maliro a osauka mwaulemu, ndipo akuluakulu sananame pomwe anati mutu umodzi susenza denga. Koma tisadzinamize kuti ndi mankhwala a nkhawa. Kawirikawiri mayi amene akuthamanga kukakongola ndalama ya chipepeso kuti asachite manyazi amabwerako maganizo atawonjezeka.

Palinso msampha wina umene umakola anthu ankhawa makamaka. Ena mwa ife sititha kukana. Timavomera chilichonse, timabwereketsa ndalama ya lendi, timaphikira alendo ife tisanadye, osati chifukwa mtima wafuna koma chifukwa tikuopa kuti tikakana atida. Kunja kumaoneka ngati chifundo, koma mkati ndi mantha omwe aja atavala chitenje chatsopano. Maso akadali pa iwe mwini: andiona bwanji, anena chiyani. Chizindikiro chake n'chakuti ukamaliza kuthandizako umakhala wotopa ndi wowawidwa mtima, ndipo usiku umabwereza m'mutu ngati unachita zokwanira. Munthu wotere chimene akufunika kuphunzira choyamba ndi kunena kuti "pepani, lero sinditha" n'kuona kuti dziko silinagwe.

N'chifukwa chake mawu akuti zing'onozing'ono ndi ofunika kwambiri pankhaniyi. Chabwino chimene chimathandiza ndi chimene uli nacho mphamvu, chili ndi poyambira ndi pothera, ndipo palibe amene akanakuimba mlandu ukanapanda kuchichita. Kusunthira mayi wa mwana kumsana malo m'minibasi n'kumunyamulira thumba lake pamiyendo. Kutchajira foni aneba amene magetsi awathera. Kuperekeza gadiyani wachilendo amene wasokonezeka m'makonde a chipatala mpaka pawindo lolandirira mankhwala. Kuimbira foni mnzako amene anaferedwa miyezi itatu yapitayo, pamene onse amene anadzaza pasiwa paja anabalalika kale ndipo pakhomo pangotsala zii. Zonsezi sizifuna ndalama. Ndikunena izi chifukwa kafukufuku wodziwika kwambiri pankhani ya kupatsa, wa Elizabeth Dunn ndi anzake mu 2008, anali wa ndalama. Ankapatsa anthu madola 5 kapena 20 kuti ena agwiritse ntchito pa iwo eni, ena pa anthu ena, ndipo ogulira enawo ndi amene anasangalala kwambiri pofika madzulo. Chochititsa chidwi n'chakuti kuchuluka kwa ndalamayo sikunasinthe kanthu. Patapita zaka zisanu, Lara Aknin ndi anzake anaunika mayankho a anthu a m'mayiko 136, n'kuchitanso kafukufuku wapadera ku Uganda ndi ku South Africa, ndipo anapeza kuti kugwirizana kwa kupatsa ndi chisangalalo kumapezeka m'mayiko olemera ndi osauka omwe.

Kachitidwe kake nakonso kali ndi kanthu. Sonja Lyubomirsky wa ku California anauza ophunzira kuti azichita zabwino zisanu pasabata kwa masabata asanu ndi limodzi. Amene ankazichita zonse zisanu tsiku limodzi chisangalalo chawo chinawonjezeka, pamene amene ankazimwaza sabata yonse sanasinthe kwenikweni. Zikuoneka kuti chabwino chimodzi patsiku chimasowa pakati pa zabwino zimene munthu amachita kale osazindikira. Mwina n'chifukwa chake ofufuza aja a ku Ohio anasankha masiku awiri pasabata, zitatu patsiku. Kwa ife amene kuthandizana ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, phunziro lake n'lakuti chikhale chinthu chimene wachiganizira dala, chosiyana ndi zimene unazolowera.

Sindikufuna kuti nkhaniyi ikule kuposa msinkhu wake. Mu 2018 Oliver Scott Curry wa ku Oxford ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 27 wa nkhani imeneyi n'kupeza kuti kuchitira ena zabwino kumakwezadi mtima wa wochitayo, koma pamlingo wochepa kufikira wapakatikati. Ndi thandizo lenileni, koma laling'ono. Silitsitsa mtengo wa feteleza, sililipira sukulu fizi, ndipo silichotsa mwamuna womenya m'nyumba. Nkhawa yambiri ya kwathu ili ndi gwero looneka ndi maso, ndipo kuuza munthu amene wagona ndi njala kuti akamwetulire aneba ndi chipongwe. Chimene zabwino zazing'onozi zimachita ndi kudula chingwe cha maganizo kwa kanthawi n'kubwezera munthu pakati pa anzake, ndipo nthawi zina ndi pakati pa anzakewo pamene amamvera za ganyu, za mankhwala kapena za njira imene payekha sakanaiona.

Pali poti munthu apite kuchipatala osazengereza. Ngati mtima umangothamanga mwadzidzidzi mpaka kumva ngati ukufa, ngati papita masabata osagona kapena osadya bwino, ngati walephera kugwira ntchito kapena kusamala ana, ngati wayamba kuthawira ku mowa, ndipo koposa zonse ngati maganizo ofuna kudzipha ayamba kubwera, kusenzetsa anthu ndowa sikukwanira. Kuthamanga kwa mtima nthawi zina kumachokera ku matenda ena a m'thupi, ndiye kuyezetsa n'kofunika. M'zipatala za maboma muli anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo kuli Zomba Mental Hospital, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso Chainama ku Lusaka. Kupita kumalo amenewa sikutanthauza kuti munthu wapenga, ngakhale anthu amanena choncho.

Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi a m'deralo kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kufungisisa, kuwathandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza poyambira. Kafukufuku wa anthu 573 amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti patapita miyezi isanu ndi umodzi, amene anakhala pabenchi paja anali bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Njirayi inafikanso ku Malawi. Chimene chimandikhudza m'nkhaniyi n'chakuti mankhwala ake aakulu ndi khutu la munthu amene wakhala pansi n'kukupatsa nthawi yake, chinthu chimene aliyense wa ife ali nacho, ngakhale amene mtima wake suli m'malo.

Ine nditachoka pamjigo paja ndinayamba kudzera pakhomo pa agogo aja Lachitatu ndi Loweruka. Nthawi zina ndinkawatungira madzi, nthawi zina kuwawazira nkhuni, nthawi zina kungowawerengera uthenga wa pafoni, chifukwa maso awo sankaonanso zilembo zazing'ono. Kuchokera pamenepo ndinayamba kupatsa moni anthu ena a mumsewu wathu, ndipo funso ndinkaliopa lija linabweradi kangapo. Ndinkayankha kuti ntchito inatha, iwo n'kunena kuti pepani, zimachitika, n'kupitiriza ulendo wawo. Usiku wina ndinkagona, wina ayi. Ntchito ndinadzaipeza patapita miyezi isanu ndi iwiri. Agogo aja sanandifunsepo za ntchito ngakhale tsiku limodzi. Ndikafika ankangoloza mpando n'kufunsa kuti, "Wadya kodi, mwana wanga?"